Kuthamanga mitunda italiitali nyengo yotentha: mafunso ndi mayankho

Chaka chilichonse Seputembala akamapita kumapeto mafunso amene ndimalandira ndi omwewomwewo, wina akuti miyendo yalemera, wina pesi (liwiro) yatsika pomwe thireningi sanajombe olo tsiku limodzi, wina akufuna kudziwa ngati azinyambita mchere. Ndimathamanga kuno ku Blantyre ndipo Loweruka mmawa timakhala kagulu ndithu, nde ndaona kuti bola ndingoyankha pamodzi. Chonde werengani mpaka pa nkhani ya zizindikiro zoopsa ija, zinazi mutha kudumpha koma imeneyo ayi.

Mu Julayi makilomita 10 ndimamaliza bho, pano omwewo ndikumafika nditatheratu. Ndadwala kapena?

Nthawi zambiri simunadwale, ndi dzuwa basi. Minofu ikamagwira ntchito, mphamvu imene imakusunthanidi ndi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu, yotsala yonseyo imasanduka kutentha mkati mwa thupi, ndipo thupi limafuna kukhala cha m'ma madigiri 37. Nde kuti litaye kutenthako limatumiza magazi ambiri kukhungu ndikutulutsa thukuta. Vuto ndi loti magazi omwewo akufunidwanso ndi miyendo. Mu Julayi kuli chiperoni khungu silipempha zambiri, magazi onse amapita kuntchito, koma mu Okutobala mtima ukutumikira mbali ziwiri, ukugunda mothamanga pa liwiro lomwe lija mumaliona ngati lamasewera.

Izi sizisankha kuti uyu ndi katswiri. Mu 2019 ku Doha pa mpikisano wa dziko lonse lapansi, malathoni ya amayi anayiyamba pakati pa usiku pothawa dzuwa, komabe kunali madigiri opitirira 30 ndi chinyezi chadzaoneni. Anayamba 68, anamaliza 40. Ruth Chepngetich wa ku Kenya amene anapambana anathamanga 2:32:43, pomwe chaka chomwecho mu Januwale ku Dubai anali atathamanga 2:17:08. Munthu yemweyo, miyendo yomweyo, kusiyana mphindi 15.

Nde ndingosiya kaye mpaka mvula igwe?

Ayi musasiye. Thupi limaphunzira kutentha, ndipo limaphunzira msanga kuposa mmene ambiri timaganizira, bola mulipatse masiku ake. Pamafunika masiku 10 mpaka 14 othamanga motsatizana kapena pafupipafupi kunja kukutentha, ndipo kusintha kwambiri kumachitika sabata yoyambayo. Madzi a m'magazi amachuluka nde mtima umapeza mpumulo, thukuta limayamba kutuluka msanga komanso lambiri, ndipo mchere wotayika m'thukutamo umachepa. Mudzaona nokha kuti cha tsiku la chisanu ndi chimodzi kapena chisanu ndi chiwiri kachitunda kamene kamakubanikitsani kayambanso kukwereka.

Mmene timachitira ife ndi chonchi. Masiku atatu kapena anayi oyamba mphindi 20 mpaka 30 zokha, mojoga, kukubwera kaye kutenthako koma osati dzuwa lili paliwombo. Kenako timaonjezera pang'onopang'ono mpaka ola limodzi. M'masabata awiri amenewa palibe za liwiro, palibe kupikisana ndi mnzako, palibe kuyang'ana wotchi kuti kilomita yapita mphindi zingati. Anthu ambiri amene ndawaona akuvulala ndi dzuwa anavulala m'masiku oyambawa, kutentha kwangofika kumene iwo akufunabe pesi ya mu Juni, kapena wangochira malungo, kapena anapuma mwezi wathunthu nde akufuna kubweza zonse Loweruka limodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha abale.

Dziwaninso kuti kuzolowera kumeneku kumatha. Mukakhala masabata awiri atatu osathamanga, kapena mwapita kwinakwake kozizira monga ku Dedza kapena ku Mzuzu, pobwera muyambirenso mofatsa.

Nthawi yabwino yothamanga ndi iti?

Mbandakucha. Mu Okutobala ndi Novembala dzuwa limatuluka cha m'ma 5 koloko, nde mtunda wautali wa Loweruka ife timanyamuka 4:30 kapena 4:45 kuti pofika 7:30 tikhale tamaliza kapena tatsala pang'ono. Ikangokwana 8 tala amayamba kubweza moto kumapazi. Madzulo cha m'ma 5 dzuwa lapepuka inde koma msewu ndi makoma zasunga kutentha kwa tsiku lonse, kuonjezera fumbi ndi utsi wa maminibasi, nde madzulo ndi abwino pa mphindi 30 kapena 40, osati makilomita 25.

Kunyamuka kuli mdima kuli ndi zake. Musapite nokha makamaka amayi ndi asungwana, valani chowala kapena choyera, thamangani moyang'anizana ndi magalimoto, ndipo za m'makutu zisiyeni kunyumba. Komanso kudzuka 4 koloko kumafuna kugona 9, munthu wosagona mokwanira dzuwa limamugwetsa msanga.

Pesi ndichepetse bwanji?

Musatsatire wotchi, tsatirani mpweya wanu. Pa mtunda wautali muzitha kucheza ndi mnzanu chiganizo chonse osadukiza ndi wefuwefu. Ngati mukungotha mawu awiri atatu nde kuti mwathamangitsa, olo wotchi ikunena kuti mukuchedwa. Kwa ambiri a ife izi zimatanthauza masekondi 20, 30 pena 45 oonjezera pa kilomita iliyonse ndipo palibe cholakwika. Amene muli ndi wotchi yoonetsa kugunda kwa mtima, sungani nambala ya mu Julayi ija ndipo pesi ibwere yokha mmene ingabwerere.

Thireningi ya liwiro ichitike mmawa kwambiri, zidutswa zifupizifupi, kupuma kotalikirapo pamthunzi. Ndipo kuyenda pansi pokwera chitunda si kugonja. Kuno ku Blantyre zitunda sizisowa, mukafika pokwera dzuwa lili kumsana, yendani mphindi imodzi mtima ukhazikike kenako pitirizani, mudzafika patali kuposa amene akulimbana nacho.

Madzi ndizimwa ochuluka bwanji?

Palibe nambala imodzi ya aliyense chifukwa thukuta timasiyana, wina theka la lita pa ola, wina malita awiri. Njira yodziwira yanu ndi sikelo. Kwerani musananyamuke mutakodza kale, thamangani ola limodzi, pukutani thukuta, vulani malaya onyowawo ndikukweranso. Kilo imodzi yotsika ndi pafupifupi lita imodzi ya madzi, ndipo ngati munamwa panjira muphatikizepo zimenezo. Mukatsika kupitirira 2 pa 100 iliyonse ya kulemera kwanu, monga munthu wa makilo 70 kutaya kilo ndi theka, thupi limayamba kuvutika ndithu.

Tsono madzi enieni amamwedwa dzulo lake. Imwani bwino tsiku lonse, mkodzo uzikhala wotuwira osati wachikasu chakuda, ndipo mmawa kapu imodzi kapena ziwiri musanatuluke. Ngati mukuthamanga mosapitirira mphindi 45 mmawa simufunika kunyamula kanthu. Kupitirira ola, nyamulani, muzimwa pang'onopang'ono ludzu likamabwera. Mukamaliza bwezani lita ndi theka pa kilo iliyonse yotayika koma osati nthawi imodzi, mpaka masana.

Ndamva kuti madzi akachuluka amaphanso, zoona?

Zoona, ngakhale sizichitika kawirikawiri. Mukamwa madzi okhaokha ambiri kuposa thukuta limene mukutaya, kwa maola anayi asanu, mchere wa m'magazi umasungunuka nkuchepa, ubongo umatupa, azachipatala amati hyponatraemia. Amene anayamba kulemba za vutoli m'ma 1980 ndi Tim Noakes wa ku University of Cape Town ataona zimene zimachitikira ena othamanga Comrades, mpikisano wa mtunda wautali wa ku South Africa. Limakonda kugwira ife othamanga mochedwa amene timakhala pamsewu nthawi yayitali nkumamwa pamalo aliwonse operekera madzi poopa kuuma. Zizindikiro zake ndi mutu, nseru, mimba kudzadza, zala kutupa mpaka mphete kuthina, kenako kusokonezeka. Lamulo lake ndi lophweka, musamalize kuthamanga mukulemera kuposa mmene munayambira.

Nanga mchere? Malaya anga akauma amachita mizere yoyera.

Mizere imeneyo ndi mchere umene, ndipo ena timataya wambiri kuposa anzathu. Pa ola limodzi chakudya cha masiku onse chimakwanira, ndiwo zathu mchere sumasowa. Mukapitirira ola ndi theka kuli kotentha mpamene mufunika kuthira kanthu m'botolo. Sizilira zakumwa zodula za m'mashopu akuluakulu ayi. Ine ndimasungunula Sobo mopepuka mu lita imodzi nkuthira kota ya supuni yaing'ono ya mchere, shuga wa Sobo uja amapereka mphamvu ndipo mchere umathandiza madzi kukhazikika m'thupi. Mukafika kunyumba mutafookeratu, paketi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi aukhondo imagwira ntchito bwino kwambiri, ikasowa pangani nokha, masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi. Kunyambita mchere wouma popanda madzi musayerekeze, kumangoutsa nseru.

Amene muli ndi BP kapena shuga kapena vuto la impso kambiranani kaye ndi adokotala anu musanayambe zoonjezera mchere, komanso ena mwa mankhwala a BP ndi okodzetsa nde amaumitsa thupi msanga padzuwa.

Makilomita 30 madzi ndingawanyamule bwanji?

Simungawanyamule onse. Sankhani njira yozungulira ya makilomita 5 mpaka 8 yobwerera pamalo amodzi pamene mwasiya mabotolo, kaya pakhomo, m'galimoto kapena pa okala ya munthu wodziwana naye. Inde imatopetsa m'maso kudutsa pamodzimodzi kanayi koma mukafooka muli pafupi ndi thandizo. Njira ina ndi kupangana ndi wakabaza kapena mwana wa njinga azikutsatirani ndi chigubu. Botolo limodzi muligoneke mufiriji usiku liume, pofika kilomita ya 15 lasungunuka koma likadali lozizira, theka kumwa theka kuthira m'khosi ndi kumutu.

Madzi a m'majumbo ogulitsa m'mbali mwa msewu ndi mafirizesi osadziwika kumene apangidwa samalani nawo. Tonse tikukumbuka kolera ya 2022 ndi 2023, ndipo olo pasakhale kolera, kutsegula m'mimba nyengo ino kumakuumitsani kwa masiku angapo. Musaiwale kandalama m'thumba kokwerera minibasi zikavuta.

Anzanga amavala jekete kapena jumbo mkati kuti atuluke thukuta lambiri achepetse mimba. Zimathandiza?

Sizithandiza ndipo zimandiopsa ndikamaziona pa Chipembere Highway mmawa, munthu wavala jekete ya pulasitiki mpaka kukhosi mwezi wa Okutobala. Thukuta si mafuta. Zimene zatsika pa sikelo ndi madzi, mukamwa madzulo zabwerera. Choopsa ndi choti thukuta limaziziritsa thupi pokhapokha likauma pakhungu ndi mphepo, nde mukalitsekera m'jumbo mwatseka njira yokhayo imene thupi limatayira moto, mkati mukungophika. Mimba imachepa ndi makilomita ambiri a masabata ambiri komanso mbale ya nsima yoyezedwa, ndipo munthu wovala mopepuka amathamanga nthawi yayitali kuposa wa jekete uja.

Ndingadziwe bwanji kuti apa ndi kutopa wamba, apa ndiime?

Ili ndiye funso limene ndikufuna aliyense aliloweze. Kutopa wamba ndi miyendo kulemera ndi mpweya kuperewera koma mutu uli bwinobwino. Imani pompo mukamva chizungulire, mutu kuwawa mogunda, nseru, minofu kukokana paliponse, kapena thupi kuchita tsembwe ngati mukuzizidwa pomwe dzuwa likuswa mtengo. Pitani pamthunzi, masulani zothina, dzithireni madzi, imwani pang'onopang'ono, ndipo tsiku limenelo kuthamanga kwatha, osati kupuma mphindi zisanu nkuyambiranso.

Choopsa kwambiri ndi pamene mutu wasokonezeka, chifukwa mwini wakeyo sadziwa. Chaka china mu Novembala tinachedwa kunyamuka ndipo tinali pa msewu wopita ku Chileka cha m'ma 9. Mnyamata wina wamphamvu kuposa tonse, amene masiku onse amatisiya, anayamba kuthamanga mokhotakhota nkumalowa mumsewu. Nditamufunsa kuti zili bwanji anandikalipira, munthu woti sakalipa, kenako anandifunsa kuti tikupita kuti. Malaya ake anali onyowa ndithu, nde zija amanena kuti wodwala dzuwa thukuta limasiya musadalire, wothamanga amatha kukhala pangozi thukuta lili kamukamu. Tinachita kumugwira awiri kuti aime chifukwa amakana. Imeneyo ndi heat stroke, kutentha kwa mkati kwapitirira madigiri 40 ndipo ubongo, impso ndi chiwindi zayamba kupsa.

Zinachitikiranso Callum Hawkins wa ku Scotland mu 2018 ku Gold Coast pa malathoni ya masewera a Commonwealth, akutsogola ndi mphindi pafupifupi ziwiri, kutatsala makilomita awiri okha, anayamba kudzandira nagwa, nadzuka, nagwanso osadzukanso mpaka anamunyamula. Ndichifukwa chake nyengo ino tiziyang'anana. Mnzanu akayamba kuyankhula zosagwirizana, kudzandira kapena kupsa mtima kopanda chifukwa, musamufunse maganizo ake, muimitseni. Ndipo inu amene mukumva kuti zinthu sizili bwino koma mukuopa kuti gulu likusekani, paja mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Nde munthu akagwa chonchi tichite chani?

Muziziritseni pompo, kuchipatala kubwere pambuyo kapena nthawi imodzi. Mphindi 30 zoyambazo ndi zimene zimapulumutsa moyo. Njira yabwino koposa ndi kumuviika thupi lonse m'madzi ozizira mutu uli kunja, koma pamsewu bafa mulipeza kuti. Ife tsiku lija tinamukokera pansi pa mtengo wa mango, tinamuvula malaya ndi nsapato, mayi wina amene amachokera ku mjigo anatula ndowa yake osafunsa zambiri, tinamukhuthulira yonse, ana anathamanga kukatunga zina, mayi uja anamasula chitenje tinachinyowetsa nkumamukupiza nacho ndikumuyika m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche. Madzi osalekeza, kukupiza osalekeza. Wina anali ataimitsa kale galimoto ndipo m'galimotomo tinapitiriza kumuthira mawindo ali otsegula. Anagonekedwa masiku awiri ndipo anachira, koma anatenga miyezi asanabwerere pamsewu.

Munthu wosokonezeka kapena wokomoka musamumwetse kanthu angatsamwe, mugonekeni chammbali. Panado satsitsa kutentha kwa mtundu umenewu. Ndipo olo atsitsimuke nkumati ndili bho, apitebe kuchipatala.

Ndimamwa brufen ndisananyamuke kuti mawondo asawawe, pali vuto?

Lilipo lalikulu. Brufen, diclofenac ndi indosidi amachepetsa magazi opita ku impso, ndipo padzuwa thupi litauma impsozo zili kale pampanipani. Siyani. Mukaona mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka mutathamanga, kapena tsiku lonse osakodza, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi ngati thupi latentha, mukutsegula m'mimba kapena mukuganizira malungo, kayezetseni ndipo musathamange mpaka mutachira ndi kupumula masiku angapo. Malungo satuluka ndi thukuta.

Mvula ikayamba zinthu zimapepuka eti?

Pang'ono. Madigiri amatsika koma chinyezi chimakwera, ndipo Disembala mpaka Febuluwale kumakhala masiku a chitungu oti thukuta limangoyenderera osauma, nsapato mpaka kulira madzi. Thukuta logwa pansi silinakuziziritseni, nde tsiku la mitambo la madigiri 27 litha kukuvutani kuposa tsiku louma la 31. Izi azidziwa bwino a ku Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi Karonga. Abale a ku Chikwawa ndi Nsanje kumene kumapitirira madigiri 40, inu mtunda wautali uzitha dzuwa likungotuluka, ndipo masiku ena ovuta ingodulani pakati, makilomita 12 mmawa ndi 8 kachisisira. Amene muli ku Blantyre musatengeke ndi kutsetsereka kwa msewu wa ku Chikwawa, mukamatsikira ku Thabwa kilomita iliyonse kukutentherako ndipo pobwerera ndi chitunda chokhachokha.

Ndili ku Joni, ndikukonzekera Comrades. Malangizowa akundikhudza?

Kwambiri. Comrades imachitika mu Juni kuli kozizira, makilomita pafupifupi 90 pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, koma makilomita ambiri okonzekera mumawathamanga Januwale mpaka Epulo, ndipo ambiri amapezera nthawi yowayenereza kulowa Comrades pa Soweto Marathon mu Novembala, mpikisano wodziwika ndi dzuwa komanso zitunda chakumapeto. Johannesburg ili pamwamba, mamita opitirira 1,700, mpweya wouma nde thukuta limauma msanga osazindikira kuti mukutaya madzi. A ku Durban vuto lanu ndi chinyezi chija.

A ku UK musanyozere poti munakulira ku Balaka. Thupi limakumbukira masabata apitawa osati ubwana wanu. London Marathon ya 2018 kunali madigiri 24 okha koma anthu ambirimbiri anathandizidwa ndi azachipatala chifukwa anakonzekera m'chisanu miyezi yonse. Olo a Olympics anasamutsa malathoni yomwe inachitika mu 2021 kuchoka ku Tokyo kupita ku Sapporo pothawa kutentha.

Zovala?

Zopepuka, zowala, zomasuka, za nsalu ngati ya majezi a mpira, pa kaunjika zimapezeka zambiri. Thonje limamwa thukuta nkulemera. Kapu yopyapyala yoti muziinyowetsa. Pakani Vaseline m'ntchafu, m'khwapa, pansonga za mabere ndi pakati pa zala zakumapazi chifukwa khungu lonyowa limanyuka msanga, ndipo sokosi zikhale zouma ponyamuka kuti mupewe matuza.

Ndikamaliza ndidye chani, ndipo imodzi yozizira ndi yololedwa?

Yambani ndi madzi ndi chakudya. Nyengo ino dzuwa limapha chilakolako cha chakudya koma yesetsani kudya mkati mwa ola limodzi, phala la mgaiwa lothira nsinjiro, mbatata, nthochi, mazira, tiyi wamkaka. Thobwa ndi wabwino zedi chifukwa muli madzi ndi mphamvu pamodzi, ndipo mwayi wathu ndi woti miyezi yotenthayi ndi yomwenso mavwende ndi mango zimachuluka pamsika. Nkhomaliro ikhale nsima yabwinobwino ndi nyemba, usipa kapena nyama, mchere wake wokwanira.

Mowa umakodzetsa, nde kuuthira m'thupi louma kale ndi kuonjezera vuto, ndipo kuthamanga mtunda wautali ndi matsire a Lachisanu ndi imodzi mwa njira zachidule zokagonera kuchipatala. Ngati mumamwa, dikirani mpaka mwadya, mwakodza kawiri ndipo mkodzo wayera. Lamlungu mupume kapena mungoyenda pansi, ndipo Lolemba mukadzuka mutu ukuwawabe kapena mtima ukugunda mothamanga muli chigonere, onjezerani tsiku lina.